Asanagone, Mano Kaye: Kabuku ka Olera Ana ku Dedza

Tsiku la sikelo mwana amayezedwa zambiri. Amamupachika kuti aone kulemera kwake, amamukulunga kalamba pamkono, amatsegula kabuku kake kuti aone ngati walandira katemera yense. Mayi amabwerera kwawo mtima uli m'malo. Koma pali pamodzi pamene ambirife sitisuzumirapo mpaka tsiku limene mwana wakana nsima, wagwira tsaya, banja lonse n'kuchezera kumutonthoza. Ndikunena m'kamwa.

Kabuku kano ndalembera aliyense amene amagoneka mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5 kumapiri kuno, kaya ku Bembeke, ku Lobi, ku Mayani, ku Linthipe kapena paboma pomwe: amayi, abambo, agogo, azakhali, ngakhalenso achemwali ake amene amatsala naye makolo akapita kudimba. Nkhani yaikulu ndi imodzi. Mwana wamng'ono sangadzitsuke mano n'kuyera. Amaphunzira chifukwa munthu wamkulu wakhala akumutsuka usiku uliwonse, mpaka m'kamwa mwake mwazolowera, moti tsiku limene inu mwaiwala amakukumbutsani yekha.

"Adzaguluka n'kumera ena"

Mawu amenewa awonongetsa mano a ana ambiri. N'zoona kuti mano oyamba amaguluka, koma tiyeni tiwerenge zaka. Dzino loyamba limatuluka mwana ali ndi miyezi pafupifupi 6, kawirikawiri lakutsogolo m'munsi. Ana ena amachedwerapo mpaka kuyandikira chaka, ndipo palibe cholakwika. Pofika zaka ziwiri ndi theka kapena zitatu, onse 20 amakhala atakwana, 10 m'mwamba, 10 m'munsi. Akutsogolo amayamba kugwedera mwana ali ndi zaka 6 kapena 7. Koma akumapeto aja, otafunira, amakhalapo mpaka zaka 10, 11, ngakhale 12. Ndiye kuti dzino lotafunira limene labooka mwana ali ndi zaka 3 linayenera kumutumikira mpaka Sitandade 5 kapena 6. Zaka zonsezo adzatafunira chiyani?

Mwana wa dzino lowawa amasankha zofewa. Amasiya chimanga chootcha, nyama ndi ndiwo zamasamba, thupi n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Tulo samagona tabwino. Mafinya akasonkhana kumuzu amatha kuwononga dzino lachikulire limene likukula pansi pake. Dzino loyamba likazulidwa nthawi isanakwane, anzake amasendera pamalopo, lachikulire n'kusowa potulukira, n'kumera mopingasa. Komanso mano akutsogolo ndi amene amathandiza lilime kutchula bwino mawu, pa msinkhu womwewu pamene mwana akuphunzira kulankhula.

Vutoli si lathu lokha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti ana oposa 500 miliyoni ali ndi mano oyamba obooka. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu kuno othandiza ndi ochepa. Dziko lathu linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano mu 2019, ku College of Medicine ku Blantyre, komwe tsopano ndi mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Ndondomeko ya boma yokhudza umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. M'zipatala za m'maboma, ntchito yambiri ya mano amagwira ndi anthu ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences, ndipo ambirife timakawapeza dzino litafika pongozula basi. Werengani ndalama ya kabaza kuchoka kumudzi kufika pamsewu, ya galimoto kufika paboma, tsiku lathunthu losagwira khasu, kuwonjezera misozi ya mwana. Mswachi sungafike pamtengo umenewo.

Chimene chimafumba dzino

Mlimi wa kachewere ku Bembeke amachidziwa chiwawu. Sadikira kuti masamba ayambe kuda ndiye athamangire mankhwala. Kukangochita nkhungu ndi kamvula kowaza masiku angapo, amanyamula chopopera, podziwa kuti chiwawu chikaoneka ndi maso ndiye kuti chinalowa kale m'munda. Kubooka kwa mano nakonso kumayamba mwakachetechete.

M'dzino mulibe mphutsi ayi. M'kamwa mwa munthu aliyense muli tizilombo tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso. Timakhala m'zoyera zoterera zija zimene mumatha kupala ndi chikhadabo m'mbali mwa nkhama. Tikalandira shuga timatulutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula pang'onopang'ono chikutu cholimba cha dzino. Malovu ndi amene amabwera kudzachotsa asidiyo ndi kulimbitsanso pamene payamba kufooka, koma amafuna nthawi, theka la ola kapena kuposerapo, nthawi iliyonse mwana akadya chotsekemera. Chikutu cha mano a ana n'chopyapyala kuposa cha akuluakulu, n'chifukwa chake amafumbwa msanga.

Mukamvetsa zimenezi mudziwa zinthu ziwiri. Choyamba, funso lalikulu si lakuti mwana wadya shuga wochuluka bwanji, koma wadya kangati. Mabisiketi atatu odyera pamodzi atangomaliza nsima sawononga ngati bisiketi imodzi m'mawa, ina dzuwa litakwera, ina madzulo. Switi ya pakamtengo imene amayamwa ola lathunthu ndiye yoipitsitsa, chifukwa malovu sapeza mpata. Chachiwiri, munthu akagona malovu amachepa. Mwana wogona ndi shuga pamano wasiya tizilombo tikudya usiku wonse popanda wotiingitsa. Ndiye ngati tsiku lavuta moti mungakwanitse kumutsuka kamodzi kokha, kamodziko kakhale ka usiku.

Zofunika kukhala nazo

Mano asanamere, pukutani nkhama za mwana ndi kansalu koyera konyowa kokulungidwa pachala, makamaka madzulo. Cholinga china n'chakuti azolowere kuti m'kamwa mumalowa chala cha amayi popanda choopsa. Dzino loyamba likangotuluka, yambani mswachi. Ukhale waung'ono mutu, wofewa, ndipo ukhale wake yekha. Kubwerekana mswachi n'kugawana tizilombo. Mukatha kutsuka, utsukuluzeni n'kuuimika m'kapu mutu uli m'mwamba, pamalo pokwera pamene mphemvu ndi nkhuku sizifika, kuti uume. Ukapiringizika ngati tsache lakutha, kapena ikatha miyezi itatu, gulani wina.

Mankhwala otsukira mano, amene ambiri timangowatchula kuti Colgate ngakhale ali a kampani ina, ayenera kukhala ndi fluoride. Ameneyu ndiye amalimbitsa chikutu cha dzino kuti asidi asachisungunule msanga. Mu 2021 WHO inaika mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride pamndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri. Pogula, tembenuzani chubu muyang'ane mawu akuti fluoride ndi nambala yoyambira 1000 mpaka 1500 yotsatana ndi zilembo za ppm. M'misika yathu ndi m'magolosale a kumalire mumapezeka mitundu yambiri. Ngati pachubu sanalembepo zimenezi, kapena tsiku lake linapitirira, siyani. Sikofunika kugula apadera a ana. Omwe mumagwiritsa ntchito akuluakulu ndi okwanira, bola muyezo.

Muyezo wake ndi uwu. Mwana wosakwana zaka 3, ongopaka pang'ono, kukula ngati kanjere kamodzi ka mpunga. Wa zaka 3 mpaka 6, ngati nsawawa imodzi. Musadzaze mswachi wonse monga amaonetsera otsatsa malonda. Pamuyezo umenewu chubu chimodzi chimakhala miyezi, ndipo wofinya akhale wamkulu nthawi zonse. Chubucho chibisidwe, popeza ana ena amachinyambita ngati switi.

Muyezo ndi wofunika chifukwa fluoride akachuluka m'thupi mano achikulire akadali kupangika, amadzamera ndi mawanga oyera kapena ofiirira. Amene mumayenda msewu wa ku Lilongwe mwina munaonapo anthu a mano otere cha ku Nathenje, komwe akatswiri anapeza kuti madzi a m'mijigo ina ali ndi fluoride wochuluka mwachilengedwe. Ngati ana ambiri a m'mudzi mwanu ali ndi mano ofiirira chotero, uzani alangizi a zaumoyo kuti madzi a pamjigo wanu ayezedwe. Musasiye kutsuka mano chifukwa cha zimenezi.

Nanga mswachi wa kamtengo? Makolo athu anasunga nawo mano, ndipo tsiku limene mulibe china ndi bwino kuugwiritsa ntchito kusiyana n'kugoneka mwana osamutsuka. Tafunani nsonga mpaka ifewe kwenikweni, muitsuke ndi madzi, muikepo kanjere ka mankhwala kaja, ndipo mugwire ndinu. Mwana asathamange ndi kamtengo m'kamwa. Koma makala, phulusa, mchenga ndi mchere ayi. Zimenezi zimapala chikutu chopyapyala chija, ndipo chikapalika sichimeranso.

Kagwiridwe kake

Ambiri amaimirira kutsogolo kwa mwana n'kumuuza kuti ayasamule. Mwana amabweza mutu m'mbuyo, mswachi n'kumugwaza nkhama, mawa lake osafunanso. Njira yabwino ndi iyi: khalani pamphasa, tambasulani miyendo, mugonekeni chagada mutu wake uli pantchafu panu, monga mumachitira pomuluka tsitsi kapena pomuthira mankhwala m'maso. Potero mumaona mano onse, ndipo mutu wake sugwedera. Wokulirapo angaime kutsogolo kwanu atakufulatirani, mutu atatsamira pamimba panu. Mukakhala awiri, khalani moyang'anizana maondo atagundana. Mmodzi agwire manja a mwana n'kumamulankhula, wina atsuke.

Ndi chala cha dzanja lina kwezani mlomo wam'mwamba. Pamenepo, pamene dzino lakumana ndi nkhama, ndi pamene kufumbwa kumakonda kuyambira. Samalani kamnofu kamene kamalumikiza mlomo ndi nkhama pakati penipeni. Mswachi ukakakhula kamapweteka, choncho kaphimbeni ndi chala. Tsukani mozungulira pang'onopang'ono, kunja, m'kati, ndi pamwamba potafunira. Musakhule ngati mukukwecha mphika wa nsima. Yambirani mbali imodzimodzi tsiku lililonse kuti pasatsale malo. Mano akakwana onse, ntchitoyi imatenga mphindi ziwiri.

Mukamaliza, mwana alavule thovu, koma asachukuche ndi madzi. Apa ambiri amadabwa, chifukwa tonse tinakula tikuchukucha. Madzi amachotsa fluoride amene amayenera kutsalira pamano usiku wonse. Wamng'ono wosadziwa kulavula mungomupukuta ndi kansalu. Kanjere kamodzi kaja ngakhale atameza sikamupweteka. Akatsuka usiku, chololedwa kulowa m'kamwa ndi madzi akumwa okha, kupatula bere kwa mwana woyamwa. Nkhama zikatuluka timagazi, musaleke. Nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti pamalopo sipamatsukidwa mokwanira, ndipo mukapitiriza mofatsa zimasiya pasanathe sabata ziwiri. Zikapitirira, kaonetseni kuchipatala.

Akamakana

Adzakana ndithu. Mwana wa zaka ziwiri amakana kusamba, amakana juzi, amakana ngakhale phala limene walilirira yekha. Ndi msinkhu wake, si mwano, ndiponso si chizindikiro chakuti inu mwalephera. Mwana akakana kusamba sitimusiya sabata yathunthu ndi litsiro. Manonso chimodzimodzi.

Kuno tili ndi mdani wina amene anzathu a kunyanja ku Mtakataka sakumudziwa kwenikweni: chisanu. Mu Juni ndi Julaye, dzuwa likangolowa kuseri kwa phiri, madzi a m'ndowa amaluma zala, ndipo palibe amene amafuna kutuluka panja. Miyezi imeneyi ndi imene chizolowezi chimafera m'mabanja ambiri. Musamutulutse mwana pabwalo. Tsukirani pomwe mukuothera moto, atafunda kale, mswachi mutaunyowetsa ndi timadzi tofunda totsala pophika. Popeza sachukucha, madzi ofunika ndi ochepa zedi, ndipo kachitini kolavuliramo n'kokwanira. Musadikirenso kuti ayambe kusinza. Mwana watulo ndi wovuta kuposa onse. Nsima ya madzulo ikangotha, mbale zisanachotsedwe n'komwe, tengani mswachi. Zikamatsatana chonchi tsiku ndi tsiku, kudya, kusamba m'manja, kutsuka mano, kugona, mwana amaleka kuziona ngati nkhani yokambirana. M'mawa chitaninso chimodzimodzi pomusukusula.

Mwana amaphunzira ndi maso kuposa makutu. Ngati sanaonepo abambo ake akutsuka mano, adzaona mswachi ngati chilango cha ana. Tsukani iye akuona, banja lonse pamodzi ngati n'kotheka. Abambo, ntchito iyi si ya amayi okha. Madzulo amayi amakhala ndi mbale, khanda kumsana ndi madzi a mawa. Mphindi ziwiri zimenezi mungazitenge inu, ndipo ana ambiri amene amavutitsa amayi awo amagona phee pamiyendo ya abambo.

Mupatseni mbali yake. Muuzeni kuti, "Yamba iwe, ine ndimalizitsa." Musiyeni atafunetafune mswachiwo, kenako mutenge inu n'kutsuka zenizeni. Tsiku lina mulekeni akutsukeni inuyo, kapena atsuke chidole chake. Mufunseni zoti asankhe zimene zonse zikukomerani: "Tiyambe am'mwamba kapena am'munsi?" osati "Ukufuna kutsuka?" popeza yankho la funso limenelo mukulidziwa kale. Werengani mano mokweza, limodzi, awiri, atatu, aphunzirirepo kuwerenga. Muuzeni alire ngati mkango kuti ayasamule, aseke ngati waona alendo kuti muone akutsogolo. Mufufuzeni zimene wadya: "Taona, nyemba zija zabisala apa. Bonongwe uja ndi uyu, tamugwira." Muimbireni kanyimbo kalikonse kamene amakonda, komweko tsiku lililonse, kuti adziwe kuti nyimbo ikatha ntchito yathanso. Akalola, muyamikireni pamaso pa ena: "Agogo, taonani mano a mdzukulu wanu mmene awalira."

Pali zinthu zimene ndikupemphani ndi mtima wonse kuti musachite. Musamumenye, musamutsine mphuno kuti atsegule pakamwa. Musamuopseze kuti gule abwera kudzamutenga, kapena kuti adokotala amubaya jakisoni n'kumuzula mano onse. Tsiku limene adzafunikedi kuonedwa kuchipatala, mantha amene munadzala aja adzakuvutitsani nokha. Ndipo musamulonjeze switi kuti alole kutsuka.

Masiku ena zonsezi zidzakanika, adzalira basi. Mugwireni mwachikondi koma molimba, tsukani mwachangu, mumukumbatire, nkhani ithe. Kulira kwa mphindi imodzi n'kopepuka poyerekeza ndi kwa dzino lotupa. Mukagonja lero chifukwa walira, mawa adzalira kwambiri, popeza waona kuti kulira kumagwira ntchito.

Shuga wobwera ndi chikondi

Palibe amene amapatsa mwana switi pomufunira zoipa. Abambo agulitsa kachewere kapena kabichi pamsika, sangalowe m'nyumba chimanjamanja. Agogo asunga bisiketi pansonga ya chitenje kudikira mdzukulu. Mayi ali pamzere kuchipatala, mwana akulira, pafupi pali wogulitsa mafilizesi ndi majigisi. Chonsecho ndi chikondi, n'chifukwa chake nkhaniyi imavuta kuposa ya mswachi. Sindikunena kuti chikondicho chithe. Chisinthe katundu amene chimanyamula.

Dera lathu lili ndi mwayi. Nthochi, mapeyala, mapichesi ndi masuku panyengo yake, mbatata yootcha, kachewere wophika, dzungu, dzira lowiritsa: zonsezi mwana amazilandira ndi manja awiri. Mtedza wathunthu musapatse mwana wosakwana zaka 5 chifukwa ungamutsamwe. Sinjani, muthire nsinjiro m'phala. Malangizo a zaumoyo amati mwana wosakwana zaka 2 asamathiriridwe shuga m'chakudya ngakhale pang'ono. Lilime la mwana limakonda zimene lazolowera. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena nthochi yokanya amalidya bwino ngati sanalaweko la shuga. Ngati munamuzoloweza kale, chepetsani pang'onopang'ono, theka la supuni sabata ino, kachepekonso sabata yamawa.

Tiyi ndiye nkhani ya kuno kozizira. M'mawa wa chisanu banja lonse limagwira kapu, ndipo mwana amapatsidwa wake wa masupuni atatu, n'kumayenda naye akupsontha mpaka dzuwa kukwera. Tiyi sapatsa mwana wamng'ono chakudya chilichonse, ndipo amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi wa m'zakudya, amene amapanga magazi. Ngati mukufuna afundidwe m'mimba, phala lotentha kapena mkaka wopanda shuga ndi zabwino koposa. Sobo, Fanta ndi thobwa lothira shuga zisakhale zothetsera ludzu. Ludzu ndi la madzi. Choopsa kwambiri ndi kuika zotsekemera m'botolo la nsonga yoyamwa n'kumugoneka nalo mwana. Mano anayi akutsogolo m'mwamba amatha onse, kutsala zitsa zakuda. Mwana akafika miyezi 6 yambani kumuphunzitsa kapu, ndipo pokwana chaka botolo lichoke. Nzimbe nayonso ndi shuga. Pa Khirisimasi, paukwati kapena pa tsiku lina lachisangalalo adye zotsekemera, koma adyere pamodzi ndi chakudya, amwere madzi, usiku atsukidwe.

Kuyamwitsa pitirizani: bere lokha miyezi 6 yoyamba, kenako bere ndi zakudya zina mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Kungoti mano akamera azitsukidwa madzulo aliwonse, ndipo mwana akapitirira chaka yesetsani kuti asamagone usiku wonse bere lili m'kamwa. Chiponde cha kuchipatala chopatsidwa kwa mwana wonyentchera ndi mankhwala opulumutsa moyo. Ngakhale chili ndi shuga, musachisiye, ingolimbikirani kutsuka. Mankhwala amadzi otsekemera akamwa usiku, mumwetseni madzi pambuyo pake. Chizolowezi chomutafunira mwana chakudya kapena kunyambita supuni yake chichepe, chifukwa tizilombo tofumba mano timachoka m'kamwa mwa wamkulu kupita mwa mwana kudzera m'malovu. Pachifukwa chomwecho, mayi amene ali ndi dzino lobooka akalandire chithandizo.

Nanga agogo muwauza bwanji? Mkamwini sangayambe nkhani yotere ndi apongozi ake maso ndi maso. Idutse mwa mayi a mwana, ndipo iyambe ndi kuthokoza. "Amayi, zikomo kuti mumamukumbukira mdzukulu wanu. Kusikelo atiuza kuti maswiti akumuyambitsa mawanga pamano, taonani apa. Mukapita kumsika muzimutengerako nthochi, amazikonda zikachokera kwa inu." Akaona okha mawangawo ndi maso, agogo ambiri amasanduka alonda a mano a mwanayo kuposa makolo. Kusukulu ya mkombaphala nakonso kambiranani ndi alezi ndi komiti za shuga wa m'phala ndi zimene ana amatenga m'zikwama. Kholo limodzi likaletsa lokha, mwana wake amakalandira kwa anzake.

Mano akamamera

Mwana amachucha dovu, amaluma chilichonse, amanyong'onyeka, nkhama zimatupa pang'ono. Mutikiteni nkhama ndi chala chosamba bwino, kapena mupatseni kansalu koyera konyowetsedwa m'madzi ozizira kuti alume. Musateme nkhama, musapakepo phulusa, mankhwala azitsamba, mowa kapena asipirini. Uchi ndi woletsedwa kwa mwana wosakwana chaka.

Mawu akuti "akutsegula m'mimba chifukwa cha mano" achedwetsa ana ambiri kufika kuchipatala. Zinthuzi zimangokumana pamsinkhu umodzi. Miyezi imene mano akumera ndi yomwenso mwana wayamba kukwawa, kutola zapansi n'kuika m'kamwa, ndi kudya zakudya zina. Chimene chamutsegula m'mimba ndi tizilombo, osati dzino. Mupatseni Thanzi ORS, pitirizani kuyamwitsa, ndipo pitani naye kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala akalandire zinki. Thupi likatentha kwambiri akayezedwe malungo tsiku lomwelo.

Kwezani mlomo kamodzi pamwezi

Sankhani tsiku losaiwalika, monga la sikelo. Pabwalo powala, pukutani mano a mwana ndi kansalu, kwezani mlomo, muyang'anitsitse m'mbali mwa nkhama. Mzere kapena mawanga oyera ngati choko ndiko kuyamba kwa kufumbwa. Apa dzino lingathe kulimbanso ngati mutsuka ndi fluoride mosadumphitsa n'kuchepetsa shuga. Mawanga akasanduka achikasu, ofiirira kapena akuda, kapena pakaoneka kabowo, pitani kuchipatala ngakhale mwana sakudandaula. Bowo silidzitseka lokha. Kachotupa konga kachiphuphu pankhama ndi mafinya, ndipo ngakhale kataphulika ululu n'kuleka, matenda akadali kumuzu. Musaike m'bowo mankhwala a mutu ophwanya, fodya kapena madzi a batire, ndipo musagule makapisozi pagolosale. Ena, monga tetracycline, amadetsa mano achikulire mpaka kalekale akamwedwa ndi mwana wosakwana zaka 8.

Tsaya likatupa mpaka kuyandikira diso kapena kutsikira kukhosi, thupi likatentha, mwana akamalephera kumeza, kutsegula pakamwa kapena kupuma bwino, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Chimodzimodzinso mwana wonyentchera kapena wongochira kumene chikuku akakhala ndi chilonda cha pankhama chonunkha kwambiri ndi tsaya lotupa. Angakhale matenda otchedwa noma, amene amagwira makamaka ana a zaka 2 mpaka 6 ndipo amadya mnofu wa nkhope m'masiku ochepa, koma amachizika akapezeka msanga.

Mwana akagwa dzino loyamba n'kuzuka, musalibwezeretse, mungapweteke lachikulire lili pansi. Tsinani pabalapo ndi kansalu koyera kuti magazi aleke, mupite naye akamuone. Yambirani kuchipatala chaching'ono cha kwanuko, iwo adzakutumizani kuchipatala chachikulu paboma, ndipo zovuta kwambiri zimapita ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Tengani kabuku kake ka kuchipatala. Mukafuna kufunsa musananyamuke, imbani Chipatala cha pa Foni. Ndi bwinonso kupempha kuti amuone m'kamwa akamakwanitsa chaka, asanamve kuwawa kulikonse, kuti ulendo wake woyamba ukhale wopanda misozi.

Mudzamusiya liti kuti azitsuka yekha?

Osati msanga. Mwana wa zaka 4 amaoneka ngati akutha, koma amangopukuta akutsogolo n'kunyambita mankhwala. Dzanja lake limakhwima pa zaka 7 kapena 8, msinkhu umene amatha kulemba dzina lake bwinobwino ndi kumanga yekha zingwe za nsapato. Kufikira pamenepo iye ayambe, inu mumalize, kenako muzingoyang'anira.

Pali chifukwa china chosamusiyira msanga. Ali ndi zaka pafupifupi 6, kumapeto kwenikweni kwa nsagwada kumatuluka mano anayi akuluakulu, awiri m'mwamba, awiri m'munsi. Amamera kuseri kwa mano oyamba popanda lina kuguluka, motero makolo ambiri amawayesa oyamba omwe, n'kumati adzaguluka. Amenewo ndi achikulire, ndipo akawonongeka palibe ena odzalowa m'malo mwake. Pongotuluka amakhala afupi kuposa anzawo, mswachi n'kumangowadutsa pamwamba. Nthawi imene mwana wayamba Sitandade 1, muunikeni ndi tochi kumapetoko. Mukawaona, lowetsani mswachi chopingasa kuchokera kumbali ya tsaya, mutsuke lililonse palokha mpaka litatalika kufanana ndi anzake.